Nkhope Ikhale ya Mwini Wake: Za Kukonza Zithunzi pa Kompyuta

 Lero tikambirana za zithunzi, makamaka tintchito timene munthu amachita pa kompyuta chithunzi chikajambulidwa kale: kuchiwongola, kuchidula, kuchichepetsa, kuchiwalitsa ndi kuchisunga.

Wina anena kuti imeneyi ndi nkhani ya anyamata a m'masitudiyo. Kale zinalidi choncho. Koma taonani mmene zinthu zilili masiku ano. Mwana akufunsira malo a sukulu kapena ntchito pa intaneti, akumuuza kuti aike chithunzi. Mayi wogulitsa zitenje kapena nsapato za pa kaunjika amaika katundu wake pa WhatsApp, ndipo wogula amayamba waona chithunzi asanagwire katunduyo. Pa ukwati pali khadi, pa msonkhano wa mpingo pali chikwangwani, pa maliro pali pepala la mwambo lokhala ndi nkhope ya malemu, nthawi zina mpaka nsalu ndi matisheti. Pa maliro pomwepo ndi pamene mtima wanga umawawa kwambiri. Mwalandira pepala, mwayang'ana, agogo amene munawadziwa zaka zonsezi nkhope yawo yatambasukira m'mbali, kapena yayeretsedwa mpaka anthu akunong'onezana kuti, "Kodi amenewa ndi iwowo?" Amene anakonza pepalalo analibe mtima woipa. Ntchito anampatsa usiku, mwambo uli mawa m'mawa, ndipo palibe anamuuzapo zinthu zochepa zimene ndikufuna tiuzane lero.

Mfundo yanga ndi imodzi, ndipo zonse zimene ndinene zitsamira pamenepo. Kamera siona monga limaonera diso. Imapendekeka m'manja, imasokonezeka ndi dzuwa, imatola ndi zinthu zimene inu simunazifune. Ntchito ya wokonza ndi kubweza chithunzi kuti chifanane ndi zimene maso anaona tsikulo. Akadumpha malire amenewo n'kuyamba kuumba munthu amene kunalibe, ameneyo wasiya kukonza, wayamba zina.

Za chida chogwiritsa ntchito sindichedwapo. Ambiri akamva za kukonza zithunzi amathamangira Photoshop. Pulogalamu imeneyi anailemba ndi anyamata awiri apachibale a ku America, Thomas ndi John Knoll, ndipo kampani ya Adobe inayamba kuigulitsa mu 1990. Ndi yamphamvu, palibe angakane. Koma kuyambira mu 2013 Photoshop yatsopano simungaigulenso kamodzi n'kukhala yanu. Mumalipira mwezi ndi mwezi, ndalama yakenso yakunja. Ndiye ena amangokopera yakuba pa fulashi ya mnzawo, osadziwa kuti mwina akulowetsa ndi mavairasi omwe. Pa ntchito tikukambazi palibe chifukwa chobera. Kompyuta ya Windows imabwera kale ndi Photos ndi Paint, ndipo ziwirizi zimadula, kutembenuza ndi kuchepetsa chithunzi bwinobwino. Mukafuna zoposa pamenepo pali GIMP, yaulere, imene anaiyamba ophunzira awiri a pa yunivesite ya California ku Berkeley, Spencer Kimball ndi Peter Mattis, mu 1995. Mukaitsitsa kamodzi basi, imagwira ntchito popanda intaneti, bandulo yanu osaikhudza. Palinso IrfanView, kapulogalamu kopepuka kamene kamathamanga ngakhale pa kompyuta yokalamba, ndipo kamatha kuchepetsa foda yonse ya zithunzi nthawi imodzi.

Musanakhudze chilichonse, kopani chithunzicho. Dinani Ctrl ndi C, kenako Ctrl ndi V, mukhale ndi ziwiri. Chimodzi ikani m'foda yakeyake ya zithunzi zoyambirira ndipo musachigwirenso. Chinacho ndiye chogwirira ntchito. Ndikuumirira zimenezi pa chifukwa chenicheni. Zithunzi zambiri za m'foni ndi m'kamera zimasungidwa mu mtundu wa fayilo wotchedwa JPEG, umene unakhazikitsidwa mu 1992. Kuti fayilo ichepe, JPEG imataya tizinthu tina timene ikuganiza kuti diso silingazindikire, ndipo zimene yataya sizibweranso. Mukatsegula chithunzi, n'kusintha, n'kuseva, yataya pang'ono. Mawa mwatsegulanso, mwasintha, mwaseva, yatayanso. Zili ngati kupanga fotokope ya fotokope ya fotokope: pepala loyamba linali lowerengeka, lachisanu zilembo zachita mbuu. Choncho sinthani zonse zimene mukufuna pa nthawi imodzi, ndipo pomaliza sankhani Save As, mupereke dzina latsopano. Ngati ntchito ndi yaitali, yoti muipitiriza mawa, isungeni mu fayilo ya pulogalamu yomweyo, XCF mu GIMP kapena PSD mu Photoshop, zimene sizitaya kanthu, ndipo JPEG muitulutse pamapeto penipeni. Ndi mmene magetsi amathimira kwathu kuno, kuseva pafupipafupi sindichita kukukumbutsani.

Pali wina amene amawononga zithunzi zisanafike n'komwe pa kompyuta, ndiye katumizidwe kathu. Mukatumiza chithunzi pa WhatsApp mwa nthawi zonse, WhatsApp imachifinya kuti chisadye bandulo. Pa foni chimaoneka bwino ndithu, koma mkati mwake chachepa. Chikadutsa m'mafoni a achibale angapo, wina n'kuchiika pa Facebook, wina n'kujambula sikirini yake, chimafika kwa wosindikiza chitatheratu. Ngati chithunzi ndi chokasindikiza, bwererani kwa amene anajambula, mumupemphe akutumizireni ngati Document, osati ngati chithunzi wamba. Chikapita motero chimafika monga chinatulukira m'kamera. Kapena mupite ndi fulashi. Ulendo umenewo ndi waphindu kuposa ukatswiri uliwonse wa pa kompyuta.

Tsopano chithunzi chili pa sikirini. Choyamba yang'anani ngati chaima chilili. Munajambula ku nyanja, ku Salima kapena ku Mangochi, ndipo mzere wa madzi wapendekeka. Kapena mzati wa nyumba ukuoneka ngati ukugwa. Funani mawu akuti Rotate kapena Straighten, mutembenuze pang'onopang'ono mpaka mzerewo ugone bwino. Yambani ndi zimenezi musanadule, chifukwa kuwongola kumadya ngodya za chithunzi.

Kenako kudula, kumene pa kompyuta kwalembedwa kuti Crop. Ine ndimati palibe batani lina limene limakongoletsa chithunzi msanga kuposa limeneli, ndipo silinamiza munthu. Mwana wavala gauni yake ya pa mwambo wolandira digiri, koma kumanja kwalowa ndowa, kumanzere chingwe choyanikapo zovala, pamwamba thambo lalikulu lopanda kanthu. Dulani zonsezo, mwanayo adzaze chithunzi. Koma dulani mwaulemu. Musadule munthu pa khosi, pa chigongono kapena pa bondo, chifukwa amaoneka ngati chiwalocho kulibe. Siyani kampata pamwamba pa mutu. Ngati wayang'ana kumanja, siyani malo ambiri kumanjako. Ndipo pali chinsinsi china chimene chimakwiyitsa anthu ambiri akamatenga zithunzi zawo ku situdiyo. Foni nthawi zambiri imajambula chithunzi cha magawo 4 m'litali ndi 3 m'lifupi, pamene pepala lotchuka lija la mainchesi 6 kwa 4 ndi la magawo 3 kwa 2. Ziwirizi sizilingana. Makina osindikizira akalandira chithunzi chotero amadula okha, ndipo makina sadziwa kuti apa pali duku la amayi, apa pali nsapato za mkwati. Dulani nokha pa muyeso wa 3 kwa 2 muli kunyumba, musankhe nokha chimene chitayike.

Tifike pa kukula ndi kuchepa, pamene ambiri amasokonezeka. Tsegulani chithunzi chilichonse, muchiyandikitse kwambiri mpaka nkhope isazindikirike. Muona timabokosi ting'onoting'ono, kalikonse ka mtundu umodzi. Amenewo ndi mapikiseli, ndipo chithunzi cha pa kompyuta ndi timabokosi timeneti basi. Chimodzi mwa zithunzi zoyamba kulowetsedwa mu kompyuta chinapangidwa mu 1957 ndi Russell Kirsch ku America. Chinali cha mwana wake wakhanda, ndipo chinali ndi mapikiseli 176 m'litali ndi 176 m'lifupi. Lero foni ya mamegapikiseli 12 imatulutsa chithunzi cha mapikiseli pafupifupi 4000 kwa 3000.

Nanga pofuna kusindikiza pamafunika angati? Osindikiza amawerengera mapikiseli 300 pa inchi iliyonse kuti chithunzi chogwira m'manja chioneke chakuthwa. Ndiye pepala la mainchesi 6 kwa 4 likufuna 1800 kwa 1200. Tsamba lathunthu la A4 likufuna 2480 kwa 3508. Kachithunzi ka pa chiphaso ka mamilimita 35 kwa 45 kakufuna 413 kwa 531 okha. Chikwangwani chachikulu chopachika pamsewu sichifuna 300 pa inchi chifukwa anthu amachionera patali. Kuti mudziwe kukula kwa chithunzi chanu, dinani batani lakumanja la mausi pa fayiloyo, musankhe Properties, kenako Details. Manambala ali pomwepo.

Kuchepetsa chithunzi chachikulu n'kosavuta ndipo chimaoneka bwino. Kukulitsa chaching'ono ndiye kulibe. Mukatenga chithunzi cha mapikiseli 400 n'kuchiuza kuti chikhale 4000, kompyuta ilibe kumene ingatenge zimene kamera sinagwire. Imangopaka timabokosi tomwe tija pamalo aakulu, chithunzi n'kuchita chimbuuzi. Masiku ano kwabwera mapulogalamu a nzeru zopangidwa amene amalonjeza kuwalitsa ndi kukulitsa chithunzi chilichonse chakale. Chenjerani nawo. Sakumbukira nkhope ya agogo anu, sanawaonepo. Amangopeka maso, mano ndi khungu potengera nkhope za anthu ena zimene anaphunzirapo. Chimatuluka chosalala, chokongola, koma mukachionetsa kwa mkazi wa malemuyo akuuzani kuti maso awa si a bambo. Bola chithunzi chaching'ono, chosaoneka bwino kwenikweni, koma cha munthu weniweniyo. Chisindikizeni chaching'ono chomwecho pakati pa tsamba, mawu azungulire.

Za nkhope zotambasuka zija mankhwala ake ndi apafupi moti zimamvetsa chisoni kuti vutoli likadalipo. Mukaika chithunzi mu Word kapena mu pulogalamu ina iliyonse, chimakhala ndi timadontho m'ngodya ndi m'mbali. Kokani ka pangodya, musakoke ka pambali. Mukakoka ka pambali, litali limasintha lifupi osasintha, ndipo munthu wochepa thupi amafufuma, wamfupi amatalika ngati nsungwi. Pa bokosi la Resize yang'anani kachizindikiro ka tcheni kapena ka loko, kapena mawu akuti Maintain aspect ratio, ndipo onetsetsani kuti n'chotseka. Ngati chithunzi sichikukwana m'malo amene mwachikonzera, chiduleni, osachikoka.

Kuchepetsa kumathandizanso pamene fomu ya pa intaneti ikukana chithunzi chanu. Tengani chitsanzo cha fomu ya mwayi wa viza ya ku America imene anthu ambiri akhala akudzaza chaka ndi chaka. Imafuna chithunzi cha mbali zonse zofanana, mapikiseli 600 kwa 600, chosaposa makilobaiti 240. Chithunzi cha m'foni chimalemera mamegabaiti angapo, ndiye fomu imakana, munthu n'kumati netiweki ndiyo yavuta. Dulani chithunzicho chikhale cha mbali zofanana, muchichepetse kufika pa 600, ndipo poseva tsitsani Quality kufika cha m'ma 80 kapena 85. Diso siliona kusiyana, koma fayilo yapepuka. Ndipo pa zithunzi za ziphaso zotere, kudula ndi kuchepetsa ndiye malire. Malamulo ake amaletsa kusintha maonekedwe a nkhope, ngakhale kufufuta kachipsera.

Tsopano kuwala. Pano ndichedwapo, chifukwa ndi pamene ife a khungu lakuda timalakwiridwa kwambiri, ndipo nthawi zambiri timalakwirana tokhatokha.

Kamera ikamayeza kuwala imasonkhanitsa zonse zili patsogolo pake n'kufuna pakatikati. Jambulani mkwati ndi mkwatibwi pakhomo la tchalitchi masana a mu Okutobala. Diresi layera mbee, khoma ndi lopaka laimu, kumwamba kuli ngwee. Kamera imaona kuti kuwala kwachuluka ndiye imachepetsa, ndipo choyamba kumira mumdima ndi nkhope za eni ukwati. Wokonza wapachangu amagwira Brightness n'kukankha mpaka kumapeto. Nkhope zaonekadi, koma zatuwa, diresi lasanduka chigamba choyera chopanda ulusi kapena mkanda, thambo lafufutika. Zili choncho chifukwa Brightness imakweza zonse pamodzi, zamdima ndi zowala kale zomwe.

Njira yabwino ilipo, ndipo ili pafupi pomwepo. Mu Photos ya Windows, pansi pa Brightness pali Shadows ndi Highlights. Shadows imakweza malo amdima okha. Highlights imatsitsa malo owala kwambiri okha. Kwezani yoyambayo pang'ono, nkhope zituluke. Tsitsani yachiwiriyo pang'ono, nsalu ya diresi ibwerere. Amene muli ndi GIMP kapena Photoshop tsegulani Levels. Muona chojambula chokhala ngati kaphiri, chosonyeza kuchuluka kwa mdima ndi kuwala m'chithunzicho. Kumanzere kuli 0, kuda bii. Kumanja kuli 255, kuyera mbee. Pansi pake pali timakona titatu. Ka pakati ndiye bwenzi la khungu lathu: kasuntheni pang'ono cha kumanzere, ndipo nkhope imawala popanda kuwononga zoyera ndi zakuda. Dziwaninso kuti malo amene anafika kale pa 255 m'kamera, pamenepo palibe chotsala choti mubweze. Chithunzi chodera pang'ono chimapulumutsika, koma chopsa ndi kuwala ayi. N'chifukwa chake wojambula wanzeru amasunthira anthu pamthunzi wa mtengo asanadine.

Mtundu nawonso umasokonekera. Babu lachikasu limapaka aliyense chikasu, ndipo pansi pa tenti ya buluu kapena yofiira anthu onse amatenga mtundu wa tentiyo. Funani White Balance kapena Temperature. M'mapulogalamu ambiri muli kachida kodinira pa chinthu chimene mukudziwa kuti chinali choyera kapena chotuwa, monga shati kapena nsalu ya patebulo, ndipo mitundu ina yonse imabwerera m'malo. Saturation ndiye muziiopa. Mukaikweza kwambiri, chitenje chimakongola koma khungu limasanduka lofiirira ngati lapakidwa utoto. Kwa amayi ogulitsa nsalu, apa palinso nkhani ya chilungamo: wogula akabwera n'kupeza kuti mtundu wa chitenje si umene anauona pa foni, sabweranso.

Vuto la kamera ndi khungu lakuda si la lero ayi, ndipo silinangochitika lokha. M'zaka za m'ma 1950, kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi loyezera mitundu, lokhala ndi chithunzi cha mkazi wachizungu. Makadi amenewa ankatchedwa Shirley. Wotsuka ankakonza makina ake mpaka khungu la mkaziyo lioneke bwino, ndipo zithunzi za anthu ena onse zinkadutsa pa muyeso womwewo. Mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya Concordia ku Canada, Lorna Roth, amene anafufuza mbiri imeneyi, analemba kuti ena mwa amene anakakamiza kampaniyo kukonza filimu yake anali opanga mipando yamatabwa ndi opanga chokoleti, podandaula kuti katundu wawo woderayo sakuoneka kusiyana kwake pa zithunzi zotsatsira malonda. Tamvani zimenezo: thabwa ndi chokoleti zinamvedwa msanga kuposa nkhope za anthu. Ndipo nkhaniyi sinathere pa filimu. Mu 2021 kampani ya Google, potulutsa foni ya Pixel 6, inalengeza kuti yakonzanso kamera yake kuti izijambula khungu lakuda mokhulupirika, kumene kuli kuvomereza kuti poyamba sizinali bwino.

Koma tisaimbe mlandu makina okha. Ku Bamako, m'dziko la Mali, kunali ojambula monga Seydou Keïta ndi Malick Sidibé amene ankajambula anthu akwawo ndi zida za nthawi yomweyo. Keïta ankakonda kujambulira pabwalo, ndi kuwala kwa dzuwa. Mukaona zithunzi zawo lero, khungu ndi lakuda, lowala, chilichonse cha pankhope chikuoneka, ndipo anthu ake aima monyadira. Sidibé analandira mphoto ya Golden Lion ku Venice mu 2007. Amenewa anaphunzira kuunikira khungu lakuda m'malo molithawa.

Kuwalitsa nkhope imene kamera inaimiza mumdima ndi kubweza chilungamo. Kuyeretsa khungu kuti munthu aoneke ngati wa mtundu wina ndi chinthu chosiyana kotheratu, ngakhale batani likhale lomwelo. Ndikudziwa kuti makasitomala ena amapempha okha kuti, "Achimwene, mundiyeretseko pang'ono," ndipo mnyamata wa pa situdiyo akufuna ndalama ya ndiwo. Sindikumuweruza. Koma ena amayeretsa osapemphedwa, ngati kuti ndi mphatso, ndipo mafoni ambiri amabwera atatsegula kale zosalalitsa nkhope. Makolo anzanga, taganizani za mwana wamkazi amene akukula m'nyumba mmene chithunzi chake chilichonse chopachikidwa pakhoma n'choyera kuposa nkhope imene amaiona pagalasi. Tamuuza chiyani osatsegula pakamwa? Tidzadabwa bwanji tsiku limene tidzapeze mafuta oyeretsa khungu m'chikwama chake?

Ndipo musaganize kuti batani la kuwala ndi laling'ono moti silinganame. Mu June 1994, magazini awiri a ku America, Time ndi Newsweek, anaika pachikuto chithunzi chimodzimodzi cha munthu wina wotchuka, O. J. Simpson, chimene apolisi anamujambula atamugwira. Newsweek inachisiya mmene chinalili. Time inachidetsa, nkhope n'kuoneka yakuda kwambiri ndi yoopsa. Magazini awiriwo atagona pamodzi m'masitolo, anthu anaona okha kusiyanako ndipo kunabuka mkangano waukulu.  Kwakukulu kunali kusewera ndi mdima ndi kuwala.

Ndiye mudziwa bwanji kuti mwafika poyenera kulekeza? Ikani chithunzi choyambirira chija pambali pa chimene mwakonza, muziyang'ane pamodzi. Diso limazolowera msanga. Mukakhala pa sikirini nthawi yaitali, zopyola muyeso zimayamba kuoneka zabwinobwino. Dzukani, kamweni madzi, mubwerere. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukapyola, Ctrl ndi Z amakubwezani m'mbuyo. Ndipo ngati pali wina pafupi amene amamudziwa mwini nkhopeyo, muonetseni osanena kanthu, mumve chimene anene.

Za kufufuta zinthu ndingonena mwachidule. Mu GIMP ndi Photoshop muli zida zotchedwa Clone ndi Heal, zimene zimatenga kachigawo ka chithunzi n'kuphimba nako pena. Kachiphuphu kotuluka m'mawa wa ukwati, kantchentche kotera pa kolala, kafumbi ka pa galasi la kamera, zimenezo fufutani, sizinali za munthuyo. Koma mphini za agogo, imvi, makwinya, mpata wa pakati pa mano, chipsera chimene wakhala nacho kuyambira ubwana, zisiyeni pokhapokha mwini wake atapempha. Ana ake amamudziwira zomwezo. Kuchotsa munthu wathunthu ndiye nkhani ina. Ku Soviet Union kunali chithunzi chotchuka cha mtsogoleri wa dzikolo, Stalin, akuyenda m'mbali mwa ngalande ya madzi ndi mkulu wa apolisi achinsinsi, Nikolai Yezhov; Yezhov ataphedwa mu 1940, chithunzicho chinatulukanso pamalo pake pali madzi okhaokha. Atolankhani oona amadana nazo zimenezi. Mu March 2024 mabungwe a nkhani monga Associated Press ndi Reuters anachotsa chithunzi cha Catherine, mkazi wa Prince William wa ku Britain, ali ndi ana ake, atazindikira kuti chinasinthidwa, ngakhale chinachokera ku nyumba yachifumu. Kwathu kuno zida zomwezi ena akusinthira magiredi pa satifiketi, kupeka uthenga wonama wosonyeza kuti ndalama yatumizidwa pa foni, kapena kuika nkhope ya mtsikana pa thupi lamaliseche kuti amuchititse manyazi. Achinyamata amene mwaphunzira luso limeneli, zimenezo ndi milandu, ndipo kuyambira mu 2016 dziko la Malawi lili ndi lamulo loona za milandu ya pa makompyuta ndi pa intaneti. Mnzanu akabwera ndi ntchito yotere, mukaneni ngakhale atatchula ndalama zingati.

Koma zida zomwezi zili ndi ntchito ina yodalitsika. M'masutikesi ndi m'mabaibulo a makolo athu muli zithunzi za ukwati wa kale, za abambo ali ku migodi ya ku Joni kapena ku Harare, zina zodyedwa ndi chiswe, zina zonyowa ndi mvula. Zitulutseni zisanathe. Pukutani galasi la sikana, musankhe 600 dpi kuti kachithunzi kakang'ono kadzathe kusindikizidwa kokulirapo. Ngati sikana palibe, chigonekeni pafupi ndi windo, muzimitse fulashi ya kamera, foni ilunjike bwino kuchokera pamwamba. Sungani fayilo yoyambayo ndi zilema zake zonse, ndipo pa kope yake ndiye muzitseka ming'alu pang'onopang'ono, kuyambira kumbuyo ndi pa zovala, nkhope pomaliza ndiponso mosamala. Dzina la fayilo lisakhale manambala aja amene makina amapereka. Lembani dzina la munthu, malo ndi chaka, akulu amene akudziwa akadali moyo kuti muwafunse. Ndipo musasunge pamalo amodzi: fulashi imatayika, memore khadi imafa, foni imabedwa. Tumizani kope kwa mbale wanu wa ku mzinda wina.

Pomaliza penipeni ndi kusindikiza. Sikirini imatulutsa kuwala kwakekwake, pamene pepala limadalira kuwala kwa m'chipinda, choncho chithunzi chimatuluka pa pepala chodera kuposa mmene chimaonekera pa kompyuta, makamaka ngati sikirini yanu mumaiwalitsa kwambiri. Pa pepala wamba la fotokope ndiye zimanyanya, chifukwa limamwa inki, nkhope n'kusanduka chigamba chakuda. Ngati pepala la mwambo likasindikizidwa lopanda mitundu, sinthani nokha chithunzicho chikhale chakuda ndi choyera muli pa kompyuta, mukweze pang'ono kakona ka pakati kaja, muone ngati maso ndi mphuno zikuonekabe. Mukafika kwa wosindikiza, musalamule mapepala 300 nthawi imodzi. Mupempheni atulutse limodzi, mutuluke nalo panja padzuwa, muliyang'ane bwino, muonetse wa m'banjamo. Akagwedeza mutu kuti ndi iwowo, ndiye muuzeni apitirize.